Dimba la m'khonde ndi nzeru, bola tidziwe pamene mphamvu yake ithera

Munthu akayenda m'tinjira ta ku Kawale, Biwi, Chinsapo kapena Mgona nthawi ya m'mawa, amaona zinthu ziwiri pafupifupi pakhomo lililonse. Choyamba ndi bwalo losesedwa bwino mpaka kuuma gwaa, lopanda ngakhale katsamba kamodzi. Chachiwiri ndi kangalande ka madzi otsukira mbale ndi ndiwo, kochokera kuseri kwa nyumba n'kukathera mumsewu. Madzulo ake mayi wa pakhomo lomwelo amakhala ataima pabenchi ya ndiwo, akuwerenga ndalama m'manja kuti aone ngati pakamulu ka tomato angawonjezerepo anyezi mmodzi ndi kamutu ka adyo. Mwana akayamba kutsokomola usiku, wina amadzuka kukagogoda kwa aneba kupempha ndimu kapena kachidutswa ka jinja. Dothi lilipo, madzi akutayika, zigubu zakale zili mbwee kudzala, koma zinthu zimene zikanamera m'zigubu zimenezo tikuzigula tsiku ndi tsiku. Mfundo yanga ndi yakuti banja lililonse la m'malokeshoni a Lilongwe, ngakhale lokhala m'chipinda chimodzi cha lendi, liyenera kukhala ndi kadimba ka zokometsera ndiwo ndi zitsamba zothandiza pa timatenda tating'ono, ndipo liyenera kudziwa bwino lomwe pamene mphamvu ya kadimbako ithera. Mbali ziwirizi n'zosalekanitsika, pakuti amene wadzala chitsamba osadziwa malire ake angadzipweteke nacho.

Kuyambira 1975, pamene Lilongwe anakhala likulu la dziko m'malo mwa Zomba, mzindawu wakhala ukukula osapuma. Kalembera wa 2018 anapezamo anthu 989,318, ndipo ambiri mwa iwo amakhala m'malokeshoni mopanda minda. Munthu wa m'tauni amadya za m'thumba. Ndiwo zambiri za m'misika ya ku Wakawaka, kwa Tsoka ndi ku Nsungwi zimabwera pagalimoto kuchokera kumadera monga Dedza, Ntcheu ndi Mitundu, choncho mafuta a galimoto akakwera nazonso zimakwera. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogula pamsika anazimva m'thupi. Ndalama ikachepa, ufa, makala ndi lendi sizingachotsedwe pa bajeti. Zimene zimayamba kuchoka ndi zija zooneka zazing'ono: adyo, jinja, tsabola, chipatso, masamba a mtundu wachiwiri. Banja limatsala ndi nsima ndi mpiru wa mchere wokhawokha sabata yonse. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu a msinkhu wobereka anali wochepa magazi. Mavuto amenewa gwero lake lina ndi mbale yosasinthasintha, yodzaza mimba koma yosapereka zonse zimene thupi likufuna.

Kadimba ka m'khonde kamalowa pamenepa. Tsinde limodzi la tsabola wa kambuzi, likasamalidwa, limabereka kupitirira chaka. Anyezi wa masamba ukamudula pamwamba amaphukiranso, ndipo ngakhale timizu totsala pa anyezi wa masamba wogula pamsika timamera tikakwiriridwa. Bonongwe amayamba kuthyoledwa patangopita masabata atatu kapena anayi. Phata limodzi la lemonigirasi limakwanira tiyi wa banja lonse, ndipo likakula limagawika n'kukhala mapata ena asanu. Masamba a chammwamba ali ndi zomanga thupi, ayironi, kasiyamu ndi zimene thupi limapangira vitamini A, ndipo akaumitsidwa pamthunzi n'kusinjidwa amathiridwa m'phala la mwana. Madzi a ndimu ofinyira m'ndiwo zamasamba amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'masambamo, pamene tiyi wamasamba akuda womwera pa chakudya amatsekereza. Palinso nkhani ya mchere. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 pamodzi ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu ku Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Bungwe lomweli limati munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, womwe ndi wosakwana bwino kasipuni ka tiyi. Kuuza munthu kuti achepetse mchere osamupatsa china chokometsera ndiwo n'kumulankhula chabe. Nyemba zothira adyo, anyezi, jinja ndi kambuzi zimakoma ndi mchere wochepa, ndipo sizifunanso timapaketi tokometsera ta m'golosale, tomwe gawo lake lalikulu ndi mchere womwewo.

Pali amene amaona ngati kudzala zitsamba pakhomo ndi khalidwe la azungu a ku Area 10 kapena Area 43. Mbiri ikutsutsa zimenezo. Makolo athu ankadziwa luni, chisoso, denje, chidede ndi bonongwe asanamve n'komwe dzina la kabichi, ndipo mpungabwi ankauika m'nyumba kapena pamoto pofuna kuthamangitsa udzudzu. Nzeru zimenezi zinali zambiri moti Jessie Williamson anadzaza nazo buku lonse la zomera zothandiza za dziko lino mu 1955, lomwe linatulukanso litawonjezeredwa mu 1975, ndipo Brian Morris analemba lina la zitsamba za Achewa mu 1996. Dziko lino lili ndi bungwe losunga ndi kufufuza zomera la National Herbarium and Botanic Gardens, lomwe likulu lake lili ku Zomba koma lili ndi munda kuno ku Lilongwe. Ku Chitedze, anthu a Never Ending Food akhala zaka zambiri akusonyeza pakhomo wamba kuti malo aang'ono angabereke chakudya chaka chonse pogwiritsa ntchito zomera zathu, madzi otsala ndi zinyalala zowola. Pachipatala cha Area 25 pali dimba la mitengo ya zipatso, masamba ndi zitsamba lomwe limathandiza kudyetsa amayi odikira kuchira. Chimene chinatichitikira n'chakuti titabwera m'tauni tinayamba kuona chisoso ngati udzu, ndi bwalo lopanda kanthu ngati chizindikiro cha ukhondo. Timazula pakhomo zimene mawa lake timakagula pamsika zitamangidwa timitolo.

Pa nkhani ya kuchiza, chilungamo n'chofunika kwambiri kuposa kukometsa mawu. Zomera za m'kadimba zimathandizadi pa zinthu zina. Jinja amachepetsa nseru, ndipo ofufuza a zachipatala anaziyesa n'kuzitsimikiza. Madzi ofunda a ndimu ndi jinja amafewetsa pakhosi pa munthu wa chimfine, ndipo amamuthandiza kumwa madzi ambiri, chomwe ndi chinthu chofunika thupi likatentha. Minti amapepuza m'mimba mukadzaza mpweya. Madzi oterera a m'kati mwa tsamba la alovera amaziziritsa khungu lopsa pang'ono. Tiyi wa chidede kapena wa lemonigirasi ndi chakumwa chabwino kuposa zakumwa zodzaza shuga zimene ana athu azolowera. Ichi ndi chithandizo chenicheni, ndipo kwa banja lopanda ndalama ya minibasi chili ndi phindu. Tonse tikukumbuka Januwale wa 2021, pamene matenda a COVID-19 anavuta kwambiri, momwe anthu ankathamangira jinja, adyo ndi mandimu m'misika ndi momwe ankathyolera masamba a bulugama odzifukizira nthunzi. Zinthu zimenezo sizinkapha kachilomboko. Zinkangopepuza chifuwa ndi pakhosi kwa amene matendawo sanawagwire kwambiri. Amene ankabanika ankafunika mpweya wa kuchipatala, ndipo kuchedwa pakhomo pofukiza kukanatha kuwatayitsa moyo. Phunziro la nyengo imeneyo ndi lakuti chitsamba chili ndi ntchito yake ndipo chipatala chili ndi yake.

Malungo ndi amene amaonetsa bwino malire amenewa. Mankhwala a LA, amene a Malawi akhala akulandira m'zipatala kuyambira 2007, mbali yake imodzi inachokera ku chomera chotchedwa Artemisia annua. Mayi wa ku China, Tu Youyou, ndi gulu lake ndi amene anapeza mphamvu ya chomerachi m'zaka za m'ma 1970, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Pachifukwa chimenechi anthu ena amati bwanji osangodzala chomeracho kuseri kwa nyumba n'kumamwa tiyi wake. Ganizoli likumveka, koma lili ndi ngozi. Mphamvu ya mankhwala m'masamba imasiyana malinga ndi mbewu, dothi, nthawi yothyolera ndi kaumitsidwe, kotero palibe angadziwe mlingo umene wamwa. Mlingo wochepa umaziziritsa thupi osapha tizilombo tonse, ndipo totsalato timaphunzira kulimbana ndi mankhwalawo. N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la WHO linanena poyera kuti silivomereza kugwiritsa ntchito masamba kapena tiyi wa Artemisia popewa kapena pochiza malungo. A Malawi tiyenera kumva msanga chenjezo limeneli, chifukwa mu 1993 dziko lathu linali loyamba mu Africa kusiya kolokwini ngati mankhwala oyamba a malungo, tizilombo titamuzolowera. Zizindikiro zakuti tizilombo tayamba kupirira mankhwala ochokera ku Artemisia zaoneka kale ku Rwanda ndi ku Uganda. Mwana akatentha thupi, malo ake ndi kuchipatala cha Kawale, Area 25 kapena Bwaila kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, ngakhale pakhomo patadzaza zitsamba.

Pa HIV mbiri ndi yowawa kwambiri. Mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kwa Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape, womwe ankati umachiza Edzi, ndipo mliri unapitirira monga kale. Ku South Africa, Manto Tshabalala-Msimang, yemwe anali nduna ya zaumoyo kuyambira 1999 mpaka 2008, ankalimbikitsa adyo, mandimu ndi bitiruti pamene boma lake linkazengereza kupereka ma ARV. Ofufuza a ku Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuzengereza kumeneko kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000. Adyo ndi mandimu analibe mlandu, ndi chakudya chabwino kwa munthu aliyense kuphatikizapo amene ali ndi kachilombo. Cholakwa chinali kuzipatsa udindo umene sizingasenze. Tiyeneranso kudziwa kuti zitsamba zikamwedwa mochuluka ngati mankhwala zimatha kulimbana ndi mankhwala a kuchipatala m'thupi. Kafukufuku wina wa ku America wa 2002 anapeza kuti mapiritsi a adyo anachepetsa ndi pafupifupi theka mlingo wa mankhwala a HIV otchedwa saquinavir m'magazi. Adyo wa m'ndiwo si vuto. Koma aliyense amene akumwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, ndipo akufuna kumamwa chitsamba china tsiku ndi tsiku, ayambe wauza dokotala wake. Safunsa anadya phula.

Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono amafunika mpanda wolimba kuposa onse. Anamwino a m'zipinda zochirira akhala akudandaula za mwanamphepo, mankhwala achikuda amene amayi ena amamwa kuti matenda afulumire, chifukwa amatha kulimbitsa zowawa mopitirira muyezo mpaka chiberekero kung'ambika kapena mwana kubanika. Zomera zina za m'kadimba nazonso zili ndi mbali yoopsa. Utomoni wachikasu wa alovera umatsegula m'mimba mwamphamvu ndipo suyenera kumwedwa ndi mayi wapakati. Mizu ndi makungwa a chammwamba si zakudya monga masamba ake. Mafuta a nthanga za nimu ndi poizoni kwa makanda. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi safunika tiyi wa chitsamba chilichonse, bere lokha n'lokwanira, ndipo uchi saupereka kwa mwana wosakwana chaka. Lamulo loti banja ligwire n'losavuta. Kutentha thupi, kubanika, kukomoka, kutsegula m'mimba kosalekeza, kutaya magazi, chifuwa chopitirira masabata awiri, ndi vuto lililonse la mayi wapakati kapena khanda, zonsezi n'za kuchipatala. Za kadimba ndi chimfine, pakhosi pokanda, nseru yapang'ono ndi m'mimba modzaza.

Wina anganene kuti ngati ngozi zake ndi zotere, kuli bwino kusawalimbikitsa n'komwe anthu kudzala zitsamba, poopa kuti ena adzasiya chipatala. Nkhawa imeneyi ndi yaulemu ndipo imachokera kwa anthu amene aona odwala akufika mochedwa. Koma kukhala chete sikuchotsa zitsamba m'manja mwa anthu. Amazigwiritsa ntchito kale, ndipo ambiri amazipeza m'njira yoopsa kwambiri: m'mabotolo opanda dzina ogulitsidwa m'madepoti ndi m'misika, ndi m'timapaketi ta ufa tomwe wogulitsa amati timachiza shuga, BP, kusabereka ndi khansa nthawi imodzi. Wogula sadziwa chimene chili m'katimo, mlingo wake, kapena madzi amene anasungunulira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe loyang'anira mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, koma palibe bungwe lingaime pakhomo lililonse la ku Chinsapo. Munthu amene wadzala yekha jinja amamudziwa kuti ndi jinja, amadziwa dothi limene wamera, ndipo sayembekezera zozizwitsa kwa chinthu chimene amathira m'ndiwo tsiku lililonse. Chinsinsi ndi chimene chimapatsa mphamvu ogulitsa mabodza. Zitsamba zikamakambidwa poyera, kusikelo ndi kusukulu, ndi mayina ake enieni ndi malire ake, msika wa mabotolo aja umachepa.

Chotsutsa chimene chimamveka kawirikawiri ndi cha malo. Mabanja ambiri a ku Mgona, Chinsapo ndi Area 23 amakhala m'midadada ya lendi, pabwalo limodzi mabanja asanu kapena kuposa, ndipo alandilodi salola kukumba. Ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake zokometsera ndi zitsamba ndi zimene zikuyenera m'tauni kuposa chimanga kapena mbatata. Zambiri sizifuna munda. Chigubu cha malita 20 chodula pakati n'kuboola pansi chimasunga kambuzi kapena lemonigirasi. Beseni lothyoka limakwanira jinja, yemwe amadzalidwa kuchokera ku kachidutswa kokhala ndi diso n'kukumbidwa pakatha miyezi isanu ndi itatu mpaka khumi. Minti ndiye amafunikadi chotengera chake, chifukwa pansi amayanga n'kulanda malo a zinzake. Thumba la ufa lodzaza dothi ndi manyowa, lokhala ndi mzere wa timiyala pakati kuti madzi atsike, limabereka masamba pamwamba ndi m'mbali mobooledwa, pamalo osaposa pamene pangakhale mpando. Ku Kibera, mumzinda wa Nairobi, komwe nyumba n'zothinana kuposa kwathu kuno, mabanja ambiri anayamba kulima m'matumba motere kuchokera mu 2008. Anthu a ku Havana, ku Cuba, anasandutsa mabwalo ndi makonde kukhala madimba chuma chawo chitagwa pakutha kwa Soviet Union mu 1991. Dimba la m'chigubu lilinso ndi ubwino wina kwa munthu wa lendi: tsiku losamuka limakwera nawo ngolo kapena lole pamodzi ndi mipando.

Madzi ndi vuto lenileni, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pamene mipopi ya Lilongwe Water Board imatha kuuma ndipo amayi amaima pamzere wa pakiyosiki ndi ndowa zolipira. Palibe angauze mayi wotere kuti agule ndowa yapadera yothirira. Koma pakhomo lililonse pamatuluka madzi amene agwira kale ntchito: otsukira mpunga, otsukira masamba ndi tomato, otsukuluzira mbale komaliza. Amenewa ndi okwanira zigubu zinayi kapena zisanu ngati athiridwa madzulo, patsinde penipeni, ndipo dothi laphimbidwa kuti lisaume msanga. Zophimbira zili ponseponse: makoko a mtedza omwe amachuluka ku Mgona, masamba ouma amene timawotcha m'mawa uliwonse, utuchi wa kwa akalipentala. Madzi okhala ndi mankhwala oyeretsera zovala, sopo wambiri, kapena ochapira matewera sayenera kufika pa chomera chodyedwa. Kusankha mbewu nakonso kumathandiza. Chammwamba, alovera ndi lemonigirasi zimapirira chilala, pamene minti ndi jinja zimakonda chinyezi ndi kamthunzi. Banja limene madzi ndi ovuta liyambe ndi zopirira. Manyowa safuna ndalama: makoko a nthochi ndi a mbatata, zotsalira za masamba, zitosi za nkhuku zosiyidwa kuti ziwole, ndi phulusa pang'ono la pambaula.

Pali chotsutsa china chimene sichiyenera kupeputsidwa, cha ukhondo. Dothi la m'tauni si lonse labwino. Pafupi ndi magalaja, monga a ku Biwi Triangle, pansi pamatha kukhala oilo wakuda ndi zotsalira za mabatire akale, zomwe zili ndi mtovu woononga ubongo wa ana. Pafupi ndi zimbudzi zokumba ndi ngalande zonyansa pali tizilombo ta matenda a m'mimba. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe anali mwa madera amene anavutika kwambiri, mpaka sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Koma tikaiganizira bwino, mfundo imeneyi ikuikira kumbuyo dimba la m'chigubu. Masamba ogula pamsika sitidziwa kuti anathiriridwa ndi madzi a mtsinje uti, kapena anapoperedwa mankhwala liti. M'chigubu mwini wake amasankha dothi, kulitenga kutali ndi galaja, dzala ndi chimbudzi, ndipo amadziwa madzi amene wathira. Chigubu chomwe munali oilo, penti kapena mankhwala a mbewu chisagwiritsidwe ntchito. Chilichonse chodyedwa chosaphika chitsukidwe ndi madzi otetezedwa. Za udzudzu, yankho lake ndi mabowo a pansi pa chotengera kuti madzi asaime, ndipo mpungabwi wa pakhonde usapusitse munthu kuti asiye kugona m'neti.

Nkhuku za aneba, ana osewera mpira ndi manja a anthu odutsa ndi mavuto amene aliyense wokhala m'lokeshoni amawadziwa. Kuika zigubu pamwamba pa njerwa kapena pathandala, kuzinga ndi bango, kapena kupachika tizigubu tating'ono pakhoma kumathetsa zambiri za nkhuku. Za anthu zimathetsedwa ndi kugawana. Zomera zimenezi zili ndi khalidwe limene mbewu za m'sitolo zilibe: zimachulukana popanda kugula. Lemonigirasi amagawidwa phata, minti amamera kuchokera ku kanthambi, chammwamba chimaphuka kuchokera ku nthambi yozika pansi, kambuzi mmodzi wakupsa ali ndi njere zokwanira mdadada wonse. Pabwalo pamene khomo lililonse lili ndi chigubu chake, palibe amene amaba za mnzake, ndipo ana amene apatsidwa chomera chawochawo choti azithirira amasanduka alonda ake. Amayi a m'malokeshoni anaonetsa kale kudzera m'mabanki m'khonde kuti amatha kusonkhanitsa zochepa n'kupanga chinthu chooneka. Gulu lomwelo limene limakumana sabata iliyonse kuponya masheya lingathe kumasinthanitsanso mbande ndi njere popanda kuwonjezera msonkhano wina.

Anthu ena oganiza mozama amati nkhani ya zigubu ndi yochepetsa vuto. Amati njala ya m'tauni imachokera ku ulova, malipiro ochepa ndi kugwa kwa kwacha, ndipo kuuza osauka kuti adzale minti kuli ngati kuchotsera boma udindo wake. Mbali yaikulu ya mawu amenewa ndi yoona. Kadimba sikangalowe m'malo mwa ntchito, sikangatsitse mtengo wa chimanga, ndipo sikangakwanitse magalamu 400 a masamba ndi zipatso amene WHO imati munthu azidya patsiku. Nzika zipitirize kufunsa atsogoleri za mankhwala m'zipatala, madzi m'mipopi ndi mitengo ya zinthu. Koma banja limadya lero, pamene mayankho akuluakulu akudikiridwa, ndipo kandalama kamene sikanapite ku anyezi ndi tiyi kamapita ku dzira la mwana kapena kope la kusukulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Za mavenda a ndiwo, amene ena amaopa kuti adzasowa ogula, mantha ake ndi opitirira. Palibe chigubu chingabereke tomato, kabichi ndi mbatata zodyetsa banja mwezi wonse. Msika udzakhalapobe, ndipo ungapezenso malonda atsopano a mbande, manyowa owola ndi masamba ouma a tiyi, omwe achinyamata osowa ntchito angathe kuwagwira ndi mpamba wochepa.

Kuti zimenezi zifalikire pakufunika manja a ambiri. Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ikhoza kunena momveka kuti madimba a m'zotengera ndi ololedwa ndi olimbikitsidwa, n'kuthandiza magulu a achinyamata kusandutsa zinyalala zowola za m'misika kukhala manyowa m'malo moti ziunjikane m'mbali mwa msewu. Alandilodi alole zigubu pakhonde, popeza siziononga nyumba ndipo zimachepetsa matope a madzi otayidwa. Zipatala zina zitengere chitsanzo cha Area 25, kuti mayi wobwera kusikelo aone ndi maso ake chammwamba, amve kwa namwino kathiridwe kake m'phala, n'kumvanso pakamwa pomwepo zimene sayenera kumwa ali woyembekezera. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'makomo ndi oyenera kunyamula uthenga wa mbali ziwiriwu. Sukulu ya zaulimi ya LUANAR, malo a kafukufuku a Chitedze ndi a National Herbarium angathandize ndi kabuku kachidule ka m'Chichewa, ka zithunzi, kosonyeza chomera, dzina lake, ntchito yake ndi ngozi yake, chifukwa dzina limodzi limatha kutchulidwa pa zomera zosiyana m'madera osiyana. Asing'anga oona mtima nawo ali ndi gawo, potumiza msanga kuchipatala odwala amene matenda awo aposa zitsamba. Sukulu za pulayimale ndi mipingo, zomwe zili ndi malo ndi mipanda, zingakhale nkhokwe za mbande za dera lonse.

Banja silifunika kudikira onsewa kuti liyambe. Nyengo iliyonse ya Lilongwe ili ndi chake. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala ndi nthawi ya jinja, chidede, kambuzi ndi kuzika chammwamba, chomwe chiyenera kumadulidwa msonga chikafika m'chiuno kuti chichite nthambi zambiri zofikirika. Mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, adyo ndi anyezi zimakonda kuzizira kumene kukubwerako. Lemonigirasi, minti ndi bonongwe zimalola mwezi uliwonse bola pakhale tamadzi. Chigubu chimodzi chodulidwa Loweruka lino, dothi lotengedwa pamalo oyera, ndi phata lopempha kwa aneba, n'zokwanira poyambira. Pakatha miyezi itatu banja limenelo lidzakhala likumwa tiyi wa pakhonde pake ndi kudya ndiwo zonunkhira. Ndipo usiku umene mwana adzatenthe thupi, mayi amene waphunzira bwino ntchito ya zomera zakezo adzadutsa pakati pa zigubuzo mwana ali kumbuyo, kulunjika kuchipatala.